Nsidze zikayamba kuthothoka mutapitirira zaka 40: zomwe ndinachita

Nsidze zomwe ndikunena pano ndi za m'mphepete mwa chikope, zija a ku saluni amati ma lashes, osati za pamwamba zomwe timajambula ndi pensulo. Zanga zinayamba kuchepa ndili ndi zaka 47, msambo utayamba kudumphadumpha. Ntchito yanga ndi ya unamwino wa maso kuno ku Blantyre, choncho ndinali nditaona kale zikope zambiri zoonongeka chifukwa eni ake anafuna kuthana ndi vutoli mothamanga. Ndilemba zomwe ndinachita motsatana kwake, zomwenso ndimauza amayi anzanga akandikokera pambali ku tchalitchi kapena pa chinkhoswe n'kunong'ona kuti, "Asisi, taonani kuno, kodi palibe chopaka?"

Chopaka chilipo ndipo ndifikako, koma muyambe mwadziwa momwe nsidze imakulira, chifukwa apa ndi pomwe ogulitsa amatipusitsira. Chikope cha m'mwamba chimakhala ndi nsidze pakati pa 90 ndi 160, cha m'munsi 75 mpaka 80. Nsidze imakula pafupifupi milimita imodzi pa sabata, ndipo imakula kwa mwezi umodzi kapena iwiri yokha. Kenako imaima, n'kukhala choncho miyezi ingapo isanagwe kuti ina imere pamalo pake. Ulendo wonsewu umatenga miyezi 4 mpaka 11. Kupeza nsidze imodzi, ziwiri, ngakhale zisanu pa thaulo patsiku si matenda. Ndiye chilichonse chomwe mungayambe lero, zipatso zake mudzaziona pakatha miyezi 3 kapena 4. Wokuuzani kuti mafuta ake amameretsa nsidze m'masiku 7 akunama, thupi silitero.

Msambo ukamatha, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, mahomoni a estrogen amatsika. Nthawi yomwe nsidze imakula imafupika, motero imaima isanafike utali wake wakale, imatuluka yopyapyala, ndipo ina imachita imvi n'kusaonekanso patali. Kuchepa kobwera ndi zaka kuli ndi khalidwe lake: kumachitika m'maso onse awiri mofanana, pang'onopang'ono kwa zaka, popanda kuyabwa, popanda mpata woti apa pali mbee. Abambo nawonso zimawachitikira, kungoti safunsa.

Zikasiyana ndi pamenepa, musagule kanthu, pitani kuchipatala. Ngati nsidze zachoka pamalo amodzi pomwe pali kachotupa, kapena kachilonda kosapola kwa milungu 3 kapena 4, kapena kachithupsa komangobwerera pamalo omwewo, imeneyo ikhoza kukhala khansa ya khungu la chikope. Ikapezeka msanga imachotsedwa bwino. Abale athu achialubino asachedwe nazo ngakhale pang'ono. Ngati nsidze za pamwamba zikuthanso, makamaka kumapeto kwake cha kukhutu, ndipo mukutopa, mukumva kuzizira anzanu akutuluka thukuta, mukunenepa osadziwa chifukwa, pemphani kuti akuyezeni chithokomiro. Ngati msambo ukubwera wambiri, monga zimakhalira kwa amayi ambiri ukamatha kapena kwa omwe ali ndi zotupa za m'chiberekero, yezetsani magazi, chifukwa kuchepa kwa ayironi kumathothola tsitsi paliponse. Timagamba ta dazi pamutu tobwera limodzi ndi kuthothoka kwa nsidze ndi matenda ena omwe amafuna dokotala wa khungu. Khate ndi chindoko nazonso zimachotsa nsidze, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala. Omwe akulandira mankhwala a khansa, zanu zidzamera mukamaliza, musazivutitse.

Palinso vuto la nsidze zopindikira mkati, zokanda diso ngati muli mchenga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi yathetsa trachoma, matenda opatsirana a maso, ngati vuto la dziko, koma alipobe achikulire omwe anadwala ali ana ndipo zikope zawo zinakhwinyata. Ambiri amazizula okha ndi kopanira. Zimameranso zazifupi, zakuthwa ngati minga, n'kumakanda kagalasi ka kutsogolo kwa diso mpaka kuyera. Pali opaleshoni yaing'ono yowongola chikope. Yambirani ku chipatala cha m'dera lanu, kaya ndi Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Bangwe kapena Chilomoni, akakulembereni kalata yopita ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queens.

Ine nditayezetsa magazi ndi chithokomiro n'kupeza kuti zili bwino, ndinatembenukira ku chinthu chomwe ambiri sachiganizira n'komwe, mphepete mwa chikope. Apa ndikhalitsapo, chifukwa mwa amayi omwe amadandaula za nsidze, ochuluka vuto lawo lili pamenepa.

Munthu akakhala pa makina athu oonera diso pafupi, chikope chimaoneka chachikulu ngati mzere wa m'munda. Pa chikope chabwino nsidze zimaima paderapadera, khungu lili see, ndipo kumbuyo kwake kumaoneka timabowo ta mafuta tondondozana, 20 mpaka 40 pa chikope chilichonse. Pa chikope chodwala, tsinde la nsidze iliyonse limakhala litavala kamkanda ka zinthu zoyera ngati madeya, mphepete ili yofiira ndi yotupa, timabowo tija titatsekeka ndi mafuta ouma achikasu. Ukakhudza pang'ono ndi thonje, nsidze imangotsatira. Madokotala amati blepharitis. Mwini wake amangoti maso amayabwa, amaotcha madzulo, m'mawa amadzuka ndi manthongo, akayenda pamphepo misozi imangotsika. Zimayamba ndi mabakiteriya, mfundu, kapena tinthata tosaoneka ndi maso totchedwa Demodex, tomwe timachuluka munthu akamakula. Muzu wa nsidze ukakhala m'malo otupa chonchi sungagwire, ndipo zikatenga zaka umafa n'kusiya chipsera pomwe sipameranso kanthu.

Chithandizo chake n'chotchipa koma chimafuna khama. Sambani m'manja ndi sopo. Thirani madzi owiritsa mu mbale yoyera, adikire mpaka afike poti mukadontheza pa mkono, mkati mwake mofewa muja, mukumva kutentha koma osakuotchani, ngati madzi osambitsira khanda otentherako pang'ono. Viikani kansalu koyera, finyani, tsinzinani, kaikeni pa zikope. Kansalu kamazizira pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalephera: amakaika kamodzi n'kumati achita. Mafuta otsekeka aja amasungunuka pokhapokha kutentha kukakhalapo mphindi 5 mpaka 10, choncho muziviika mobwerezabwereza. Ine ndimaika fulasiki pambali n'kumaonjezera madzi otentha mu mbale. Mukatero, sisitani chikope ndi chala mofatsa kulowera ku nsidze, cha m'mwamba kutsitsa, cha m'munsi kukweza, kasanu kapena kakhumi. Musakanikize diso lenilenilo.

Kenako tsukani. Mu theka la kapu ya madzi owiritsa ozizira, donthezani madontho 2 kapena 3 a shampu ya ana, ija yosawawa m'maso. Viikani kamtengo ka thonje kapena nsonga ya kansalu, kokerani chikope pang'ono ndi chala, n'kupukuta patsinde pa nsidze kuchokera cha kumphuno kupita cha kukhutu. Mukupukuta tsinde, osati mkati mwa diso. Diso lililonse likhale ndi thonje lakelake. Tsukuluzani ndi madzi oyera. Madzi a shampu aja mutaye, mawa mupange ena, chifukwa akagonera amaswa tizilombo. Ngati shampu ikuumitsa maso, ingogwiritsani madzi ofunda okha, kapena funsani ku famase tinsalu topukutira zikope. Chitani kawiri patsiku kwa milungu 4 mpaka 6, kenako kamodzi usiku, ndipo musasiyiretu, poti vutoli limabwerera mukangolekerera. Zikakanika, adokotala amatha kulemba mafuta a tetracycline opaka m'mphepete, kapena mapiritsi. Musadzilembere nokha.

Makamaka musagule madontho a m'maso okhala ndi dexamethasone kapena betamethasone popanda kalata ya dokotala. Amaziziritsa diso tsiku lomwelo, n'chifukwa chake anthu amawakonda n'kumauzana, koma akagwiritsidwa ntchito milungu yambiri amakweza mphamvu ya madzi a m'diso n'kuyambitsa glaucoma, matenda oononga mtsempha wa diso, amabweretsanso ng'ala. Mafuta oyeretsa khungu ambiri ali ndi mankhwala a mtundu womwewu, ndipo khungu la chikope ndi lopyapyala kuposa lina lililonse pathupi, limamwa zonse. Madzi a masamba, shuga, mkaka wa m'mawere, zonsezi zisayandikire diso. Ndaona maso abwinobwino akutha nazo.

Chachiwiri chomwe ndinachita ndi kusiya kukoka. Timakoka nsidze m'njira zambiri osadziwa. Mu Seputembala ndi Okutobala fumbi likachuluka m'tauni muno, maso amayabwa ndipo timawatikita ndi chibakera. Mukamva kuyabwa, ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira, kapena donthezani madontho ofewetsa maso, aja amati misozi yopanga. Pa mbaula, musaweramire kuuzira moto ndi pakamwa. Lawi likadumpha kamodzi nsidze zawauka. Kupizani ndi chivundikiro cha poto nkhope ili patali. Zowauka zimamera pakatha milungu 6 mpaka 8 ngati khungu silinapse, koma n'zopeweka.

Pa nkhani ya mascara, vuto lalikulu ndi pochotsa. Ija yosachoka ndi madzi imauma gwa, ndipo usiku munthu wotopa amaikanda ndi zikhadabo, nsidze n'kumatsatira. Muisungire ukwati ndi maliro, masiku ena gwiritsani yochoka ndi madzi ofunda. Pochotsa, nyowetsani thonje ndi mankhwala ochotsera zodzoladzola, liikeni pa chikope chotsinzina, werengani mpaka 30, kenako tsitsani pang'onopang'ono. Osapukuta uku ndi uku ngati mukukwecha poto. Kabotolo kakatha miyezi 3 chitsegulireni, katayeni ngakhale muli zambiri. Ikauma musathiremo madzi, ndipo malovu ndiye ayi ndithu. Musabwerekane, ngakhale ndi mwana wanu. Kopindira nsidze kaja kagwire ntchito musanapake mascara. Mukapinda zitauma kale zimathyoka ngati udzu wa m'chilimwe. Karabala kake kakang'ambika, chitsulo chimadula nsidze, ndiye muzikayang'ana. Chinanso chomwe sitivomereza msanga: tikapitirira zaka 40 maso saona bwino pafupi. Mayi amapaka mongoyerekeza, amaunjika, amadzibaya. Gulani kalilole kokulitsa nkhope, mupakire pawindo pomwe pali kuwala.

Nsidze za imvi musazipake dayi wa tsitsi la kumutu. Dayi wakuda amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD omwe amatupitsa zikope mpaka diso kutsekeka, ndipo akalowa m'diso amaotcha. Wanja wosalembedwa zomwe zili mkati mwake ndimamukayikiranso, chifukwa wina amakhala ndi mtovu. Wanja aliyense mujambule kunja kwa mzere wa nsidze, osati m'kati monyowa muja, poti mumatseka timabowo ta mafuta tija.

Tsopano za nsidze zomata. Sindidana nazo, ndipo alipo atsikana m'masaluni a ku Limbe ndi m'tauni omwe amaigwira ntchitoyi mwaluso. Koma kwa mayi yemwe nsidze zake zayamba kale kufooka, apa ndi pomwe pamachitikira ngozi yaikulu. Mayi wina wa zaka za m'ma 50 anabwera atakulunga kanthu m'kapepala. Nditatsegula ndinapeza kamtolo ka nsidze zomata, pansi pake pali chibuma cha guluu wakuda, ndipo m'chibumamo munali nsidze zake zenizeni zinayi, iliyonse ili ndi kamuzu koyera kunsonga. Pa chikope pake panali mipata ngati chimanga chomwe mbewa zadya. Anamumata ndi guluu wa weave.

Guluu ameneyu anapangidwira kumutu, ali ndi labala yemwe anthu ambiri matupi awo sagwirizana naye, ndipo sayenera kufika pa diso. Supa guluu ndiye musalole n'komwe. Koma ngakhale guluu woyenera amaononga akagwiritsidwa ntchito molakwika. Nsidze zoyandikana sizikula pa liwiro limodzi: ina ikukula, ina yaima. Zikamatidwa pamodzi, yokulayo imazula inzake isanafike nthawi. Mukabwereza miyezi ndi miyezi, muzu umatopa n'kuleka, monga zimachitikira tsitsi la pachipumi kwa omwe amaluka zothina. Ngati mukufunabe kumata, funsani kuti muone botolo la guluu. Pemphani akumateni nsidze zochepa kumapeto kwa diso, mudikire masiku awiri muone ngati simutupa. Womata wabwino amalumikiza yomata imodzi pa nsidze yanu imodzi, amasiya kampata ka milimita imodzi kuchoka pakhungu, ndipo sasankha yotalika kuposa yanu ndi mamilimita oposa 2. Ntchito yotere imatenga ola ndi theka kapena maola awiri mutatsinzina. Ya mphindi 15 ija ndi ya mitolo. Mukamva kulasa kapena kukoka pophethira, china chalakwika, bwererani akachotse. Musazule nokha. Guluu akalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15, musakanule chikope mokakamiza ngati chamatana, thamangirani kuchipatala. Langizo langa kwa yemwe zake zachepa kale ndi loti apume miyezi 3 yathunthu. Pa tsiku la mwambo, valani zija za mzere umodzi zomwe mumachotsa madzulo omwewo, mutanyowetsa guluu wake kaye.

Mafuta a nsatsi amafunsidwa kwambiri. Sameretsa nsidze zatsopano, koma amakuta zomwe zilipo kuti zisaume ndi kuthyoka, ndipo zimaoneka zonenepako. Vaseline amachita chimodzimodzi. Ngati mukufuna, gulani a ku famase otsekedwa bwino, osati okazinga ndi kusinja pakhomo, chifukwa njere za nsatsi zili ndi poizoni ndipo mafuta a pakhomo sakhala oyera mokwanira kufika pa diso. Yesani kaye kuseri kwa khutu tsiku limodzi. Dontho limodzi likwanira maso onse awiri: lipakeni pa kabulashi koyera, mupesere kuyambira pakati pa nsidze kupita kunsonga, usiku, m'mawa n'kutsuka. Mukachulutsa amalowa m'diso, mumaona mwachifungafunga, ndipo ena amatuluka tizithupsa. Ngati muli ndi madeya aja patsinde, yambani mwathana nawo kaye.

Mankhwala omwe amameretsadi nsidze ndi bimatoprost. Anayamba ngati madontho a glaucoma otchedwa Lumigan, madokotala n'kuona kuti odwala awo nsidze zikutalika ndi kuda. Mu 2008 dziko la America linawavomereza ngati mankhwala a nsidze pa dzina la Latisse, pa mphamvu ya 0.03%. Amatalikitsa nthawi ija yomwe nsidze imakula. Kapakidwe kake: usiku, nkhope itasambidwa, dontho limodzi pa kabulashi katsopano, kujambula mzere umodzi pakhungu la chikope cha m'mwamba pomwe nsidze zamera, n'kupukuta otsala. Diso linalo, kabulashi kena. Chikope cha m'munsi sapaka. Kusintha kumayamba kuoneka pa milungu 8, kumafika pachimake pa milungu 16. Kupaka kawiri patsiku sikufulumizitsa kanthu. Mukasiya, pakapita milungu kapena miyezi ingapo nsidze zimabwerera momwe zinalili, choncho ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi.

Zovuta zake muzidziwe musanayambe. Ena maso amafiira ndi kuyabwa. Khungu la chikope limada, ndipo kwa ife akhungu lakuda mzerewo umatha kuoneka ngati munthu sanagone. Izi nthawi zambiri zimatha mukasiya. Mtundu wa diso lenilenilo umatha kuderako osabwereranso, ngakhale izi zimaoneka kwambiri kwa a maso oyererako. Pomwe mankhwala akudonthera kawirikawiri, monga patsaya, pamamera tsitsi. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri pa msinkhu wathu n'choti amasungunula mafuta ozungulira diso, diso n'kulowa mkati, nkhope n'kuoneka yokalamba kuposa kale. Ine maso anga ndi olowa kale mwachibadwa, ndiye sindinawagwiritse. Oyembekezera ndi oyamwitsa asawakhudze. Yemwe ali pa madontho a glaucoma monga latanoprost asaphatikize popanda dokotala wake, chifukwa amasokoneza chithandizo. Ndipo aliyense ayambe wayezetsa mphamvu ya madzi a m'diso. Glaucoma ndi yofala pakati pa ife anthu akuda tikapitirira zaka 40, sipweteka, imadya maso mwakachetechete, choncho kuyezetsako n'kopindulitsa ngakhale mutasankha kusapaka kanthu.

Timabotolo ta serum, mafuta omwe amati amameretsa nsidze, togulitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, tobwera m'zikwama kuchokera ku Johannesburg kapena Dubai, tambiri timalembedwa kuti n'tachilengedwe. Tembenuzani botolo muwerenge tizilembo ting'onoting'ono. Dzina lililonse lokhala ndi "prost" mkati mwake, monga isopropyl cloprostenate, ndi m'bale wa bimatoprost, ndipo zovuta zake n'zomwezija, kungoti palibe wakuyezani kapena kukuchenjezani. Botolo lopanda mndandanda wa zosakaniza, lopanda tsiku lothera ntchito, lisiyeni. Mankhwala enieni muwagule mu famase yovomerezedwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, muli ndi kalata ya dokotala wa maso.

Za chakudya sindichulutsa. Tsitsi limamangidwa ndi zakudya zomanga thupi ndi ayironi: usipa, matemba, mazira, nyemba, chiwindi, bonongwe, nkhwani wotendera. Tiyi musamwere pa chakudya pomwepo, amatchinga ayironi. Dikirani ola limodzi, ndipo pa chakudyapo muonjezere gwafa, lalanje kapena madzi a malambe. Mapiritsi a vitamini wotchedwa biotin sathandiza munthu yemwe akudya bwino, komanso amasokoneza zotsatira za kuyeza chithokomiro ndi mtima. Ngati mukumwa, auzeni adokotala musanapereke magazi.

Diso la munthu limanama likamadziyang'ana tsiku ndi tsiku, ndiye jambulani. Tsiku loyamba imani pawindo m'mawa, nkhope yosapaka kanthu, wina akujambuleni ndi foni chapafupi, kamodzi mutatsegula maso, kamodzi mutatsinzina. Bwerezani pa tsiku lomwelo mwezi uliwonse, pawindo lomwelo. Kwa ine mwezi woyamba kunangotha kuyabwa ndi manthongo. Mwezi wachiwiri tinsidze tatifupi tinayamba kutuluka m'mipata. Pofika wachinayi mzere unadzaza, ngakhale utali wa pa utsikana sunabwerere. Ngati pakatha miyezi 4 mukutsuka mokhulupirika, mwasiya zomata, koma zithunzi zikuonetsa kuti zikupitirira kuchepa, tengani buku lanu la kuchipatala, foni yokhala ndi zithunzizo, mankhwala onse omwe mukumwa, ndi timabotolo tonse tomwe mwakhala mukupaka pafupi ndi maso, ngakhale tomwe mukuchita nato manyazi, mupite nazo kwa dokotala wa maso.